Ntchito ikayamba kukudyani amoyo, yambani ndi kabuku

Okutobala wa 2022 ndinakhala masabata atatu ndikudzuka mutu ukuwawa kumbuyo kuno ngati wina wandimenya ndi mpini. Nthawi imeneyo ndimagwira pa loji ina cha kunyanja kuno, dzina ndisatchule. Pa kontirakiti analemba kuti ndine wa pa risepishoni, koma zoona zake ndinali wa risepishoni, wa ku sitolo, wothandizira ku bala Loweruka, komanso woyankha foni ya abwana 11 koloko usiku akafuna kudziwa ngati jenereta ili ndi dizilo. Inali nyengo ya mawekishopu, magalimoto a mabungwe ali mbwee panja, aliyense akufuna lisiti yake pompo, kunjaku dzuwa lija la Mangochi loti mbuzi zimakabisala kunsi kwa lole. Ine ndimangogula Panado pa okala nkumati zisiya zokha. Tsiku lomwe mayi a kunyumba anandikoka kupita kuchipatala, makina anaonetsa 158 pa 100, munthu wa zaka 34, ndipo adokotala sanayambe ndi kufunsa za mchere kapena mafuta, anayamba ndi kuti kodi bambo mumagona maola angati, nanga mumaweruka nthawi yanji.

Sindine dokotala ine. Zomwe ndilembe apa ndi zomwe ndinachita zikundiyendera, zina zinandikanika, komanso zomwe ndaona kwa anzanga aphunzitsi, anamwino, alonda, a mmashopu pa Boma ndi anyamata a kabaza. Chachikulu chomwe ndinaphunzira nchakuti kupirira si mankhwala. Ife tinaleredwa kuti ntchito ndi yosowa, ukaipeza ugwire ndi manja awiri utseke pakamwa, ndiye munthu amapirira mpaka tsiku lomwe adzagwe, anthu nkumati amulodza anzake a kuntchito.

Kaye tidziwe chomwe chikuchitika mthupimo

Tiyerekeze mukuchapa pa Shire, ng'ona yatulukira poteropo. Simuganiza nkomwe, thupi lenilenilo limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, BP imakwera, shuga amachuluka mmagazi kuti miyendo ipeze mphamvu, m'mimba zonse zimaima kaye. Mukafika kumtunda zonse zimabwerera mmalo mwake, mawa mukuseka nkhaniyo. Vuto ndi loti thupi silisiyanitsa ng'ona ndi dzina la abwana likaoneka pa foni. Likachita zomwezo mmawa, masana, usiku, miyezi sikisi osapuma, ndi pomwe munthu umayamba kuphwasuka. Sitiresi kapena kuti presha yomwe tikunena apa ndi imeneyo, osati kutopa wamba kwa munthu yemwe wagwira ntchito yolemetsa nkugona bwino nkudzuka ali gwa.

Mudzaizindikira chonchi: kugona mumagona koma 2 koloko maso ali gwa, mukuwerenga malata mukuganiza za lipoti. Mwana akangogwetsa kapu mukumukalipira ngati waotcha nyumba. Lamulungu madzulo mtima umayamba kugunda mukakumbukira kuti mawa Lolemba. Khosi ndi mapewa zouma, m'mimba mukuotcha, chakudya sichikulowa kapena mukudya ngati chiwala, za kuchipinda chilakolako chatha mpaka mnzanu wayamba kukukayikirani kuti kapena kuli kwina. Ndipo kuntchito konko zinthu zimayamba kuthawa mmanja. Ine ndinayamba kulakwitsa chenji, kulemba mlendo mchipinda chomwe muli kale munthu, kuiwala kuti ndaika kuti makiyi a sitolo. Ukalakwitsa umapanga shoti, shoti amakudula pa salale, salale ikachepa umakongola, ngongole imakulanda tulo, wosagona amalakwitsanso. Abwana akuona waulesi, pomwe munthu akuzungulira mu gudumu lomweli.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linaika burnout, kutheratu chifukwa cha presha ya kuntchito, mu buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11 ngati vuto lochokera kuntchito, ndipo linati imaoneka mu zinthu zitatu: kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yako mpaka osasamalanso za anthu omwe ukuwathandiza, ndi kusagwiranso bwino ngati kale. Chachiwiricho chimandikhudza kwambiri, chifukwa namwino uja timamunena kuti ndi wamwano, mwina anayamba ntchito ali munthu wachifundo, koma wakhala zaka akuona mzere wa odwala wosatha ali yekha pa shifiti. Mu 2021 WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, anatulutsanso zoti anthu ogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti, cha kufa ndi matenda a mtima 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Werengani anu. Mlonda wolowa 6 madzulo kutuluka 6 mmawa masiku sikisi ali pa 72.

Gulani kabuku

Kakope ka ana asukulu komwe, kadulani pakati kakwane mthumba. Kwa masabata awiri muzilemba tsiku lililonse zinthu zochepa: mwalowa nthawi yanji, mwaweruka nthawi yanji, nkhomaliro munadya kapena ayi, chomwe chakupwetekani mtima tsikulo ndi chani ndipo chinachokera kwa ndani, usiku mwagona maola angati. Mizere inayi basi, osalemba ndakatulo. Musalembe mu foni, foni imabedwa, imagwera mmadzi, komanso mukaitsegula mumathera pa Facebook.

Zikumveka zachibwana, ndikudziwa, ine mwini ndinaseka nditazimva koyamba. Koma munthu wopanikizika amaona ngati chilichonse chikumuukira, ntchito yonse yaipa, Mangochi yense waipa. Ukawerenga kabuku patatha masabata awiri umapeza kuti si zonse ayi. Kwa ine zinatuluka zitatu zokha. Ndinali nditagwira masiku 19 otsatizana popanda ofu. Mafoni a usiku. Ndi ngongole ya katapila yomwe ndinatenga amalume atadwala. Alendo omwe ndimaganiza kuti ndi amene akundidwalitsa sanalembedwemo ngakhale kawiri. Zinthu zikakhala ndi mayina zimachepa msinkhu, umadziwa poyambira.

Mukamaliza gawani zomwe mwapezazo. Pali za kayendetsedwe ka ntchito, monga maola, kuchepa kwa anthu, kusowa zipangizo, kupatsidwa mabwana awiri omwe akukuuzani zosiyana. Pali za munthu mmodzi, uja wokutukwanani pagulu kapena wokufunani chibwenzi mokakamiza. Ndiye pali zomwe mwabwera nazo kuchokera kunyumba. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kulakwitsa kwathu kwambiri ndi kumwa Panado pa vuto lofunika kukambirana ndi manijala.

Dziwani zomwe lamulo limakupatsani

Anthu ambiri kuno amapempha ofu ngati akupempha chithandizo cha maliro, osadziwa kuti ndi yawo kale. Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ovataimu ya tsiku wamba amalipira ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lanu lopuma kapena la holide ya boma amalipira kawiri. Simukuyenera kugwira masiku opitirira sikisi otsatizana popanda kupuma maola 24. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 ngati mumagwira masiku sikisi pa sabata, 15 ngati mumagwira asanu, ndipo salale imabwera yonse. Mukakwanitsa chaka pa ntchito, mukadwala ndipo muli ndi kalata ya kuchipatala, muli ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata eyiti a theka. Amayi oyembekezera masabata eyiti a malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo izi si za anthu a mataye okha, wantchito wa mnyumba ndi mlonda akuwerengedwanso.

Ndikudziwa zomwe mukunena mumtima: lamulo lili ku Lilongwe, ine ndili ku Makawa, ndikatsegula pakamwa mawa pabwera wina chifukwa ofuna ntchito ali pa geti. Zoona zimenezo, ndipo sindikukuuzani kuti mawa mukalowe mu ofesi mukukuwa za ndime za malamulo. Kudziwa lamulo kumakuthandizani kaye inuyo mumtima, mumasiya kudziona ngati wolakwa mukatopa. Kachiwiri kumakupatsani polekezera pokambirana. Kachitatu, zikadzafika poipa, kabuku kaja ka maola ndi umboni ku ofesi ya Labour pa Boma. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi miyezi itatu yokadandaula kwa a Labour, ndipo akalephera kukuyanjanitsani nkhani imapita ku khoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court. Ambiri amaluza chifukwa amakhala pakhomo miyezi isanu akudandaulira achibale, pofika ku Labour nthawi yatha, pepala lililonse alibe.

Kulankhula ndi abwana

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndipo ndikhalitsapo. Wamva m'mimba ndi amene amatsegula chitseko, abwana sangalote kuti simukugona, ena ndi ouma mtima inde koma ambiri sadziwa nkomwe chifukwa nawonso ali ndi wawo owapanikiza kumtunda.

Nthawi yake musankhe. Osati pomwe akukalipa, osati kumapeto kwa mwezi akusaka ndalama za masalale, osati pamaso pa anzanu kapena makasitomala. Munthu wamkulu ukamuuza zoona pagulu amateteza ulemu wake osati kumva zomwe ukunena. Dikirani tsiku lomwe zinthu zayenda bwino, mupemphe mphindi zochepa. Ndipo musapite ndi mawu oti ndatopa kapena ndili ndi sitiresi, amenewo yankho lake mukulidziwa kale, "tonse tatopa, ntchito ndi choncho." Pitani ndi manambala ndi pempho limodzi lomwe angathe kuvomera lero.

Ine ndinalowa chonchi. "Bwana, pepani ndimati ndikuoneni pang'ono ngati muli ndi mpata." Atandiloza mpando ndinati, "Mwezi uno ndapanga shoti kawiri, zomwe sizinachitikepo chiyambire, ndipo ine zikundidandaulitsa kuposa inu. Ndakhala ndikulemba, ndapeza kuti ndagwira masiku 19 osapuma, kuchipatala andipeza ndi BP, kalata ndi iyi. Ndimapempha kuti Lachiwiri, poti alendo amakhala ochepa, ndizipuma, achemwali a ku resitilanti avomera kuti atha kumakhala pa desiki tsikulo ine nkumawagwirira Lachinayi madzulo." Anakhala chete, kenako anati aganize. Patatha sabata anavomera Lachiwiri, za ovataimu anakana kwamtuwagalu. Ndinalandira zomwe zinabwerazo, za ovataimu ndinadzayambitsanso patapita miyezi itatu.

Onani zomwe zinachitika apo. Ndinayamba ndi chomwe chikuwapweteka iwowo, shoti. Sindinawanene kuti ndi oipa. Ndinabwera ndi yankho lokonza kale, mpaka munthu wondigwirira. Ndipo ndinapempha chimodzi. Mukapita ndi madandaulo teni mumatuluka opanda ngakhale limodzi. Mukagwirizana kanthu, madzulo ake tumizani meseji yaulemu, "Bwana zikomo pondilola kuti ndizipuma Lachiwiri kuyambira sabata ya mawa," kuti pakhale cholembedwa, chifukwa mabwana amaiwala msanga nyengo ya Khirisimasi ikafika.

Vuto likakhala la anthu ambiri musapite nokha, pitani awiri kapena atatu, kapena kudzera ku yuniyoni ngati ilipo, aphunzitsi muli ndi TUM, anamwino muli ndi yanu. Koma nkhani ikakhala ya bwana wokugwiragwirani kapena wonena kuti ntchito ikhalapo mukamulola, imeneyo si yokambirana naye mwaulemu ayi. Sungani mameseji, lembani masiku, uzani munthu mmodzi womukhulupirira, pitani kwa akuluakulu ake, ku Labour kapena ku Victim Support Unit ku polisi. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa zimenezo. Atsikana ambiri a mmaloji ndi mmashopu akudwala mutu ndi m'mimba chifukwa cha nkhani iyi, akumangoti ndi malungo.

Pali luso lina laling'ono lomwe linandipulumutsa: kusiya kuvomera chilichonse ndi "chabwino bwana". Akakupatsani ntchito yachitatu muli ndi ziwiri mmanja, funsani, "Ndili ndi iyi ndi iyi, ndiyambe iti?" Simunakane, koma mwabweza mtolo wosankha kwa mwini wake.

Foni

Gulu la WhatsApp la kuntchito lasandutsa nyumba zathu kukhala maofesi. Ngati simuli pa kolo, kuti akhoza kukuitanani kuntchito nthawi iliyonse, ikani nthawi yomwe foni imapita pa chaja kuchipinda china, kwa ine ndi 9 koloko. Auzeni anzanu mosabisa kuti ikakhala ngozi yeniyeni aimbe, meseji ndiyankha mmawa. Sabata yoyamba adzadandaula, yachiwiri azolowera. Chomwe ndinadabwa nchakuti mwa mafoni onse a usiku aja, omwe anali ofunikadi sanakwane atatu chaka chonse.

Ndalama, poti theka la presha ndi imeneyi

Tisanamizane, ambiri chomwe chimatidzutsa usiku si ntchito yokha koma kuti salale imatha pa 10. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inathamanga, masalale anatsalira kumbuyo akuyenda wapansi. Ndiye kuno kwathu kuli kenanso: anyamata ambiri ali ku Joni, zikawavuta kumeneko osatumiza, mtolo wonse wa mbumba umagwera iwe wa pa ntchito yooneka, fizi, maliro, chinkhoswe, ndowa ya chimanga ya agogo ku Katuli.

Salale sindingakukwezereni, koma ziwiri izi zinandithandiza. Choyamba katapila. Kutenga 20,000 kuti ubweze 30,000 pakutha pa mwezi, kenako kukongola kwina kuti ubweze yoyambayo, ameneyo ndi msampha ndipo umatsata munthu mpaka pa geti la kuntchito. Lembani ngongole zonse pa tsamba limodzi la kabuku kaja ngakhale zikuchititsa mantha kuziona, yambani kupha ya chiwongoladzanja chachikulu, pitani mukakambirane ndi mwini wake musanamuthawe, ndipo ikatha lowani banki mkhonde kapena chipereganyu cha anthu odziwana kuti vuto likadzabwera muzikhala ndi kolowera. Chachiwiri, ikani malire a chithandizo cha achibale, ndalama yakuti pa mwezi, ikatha yatha. "Amalume, mwezi uno ndakwanitsa iyi, inayo sindilonjeza." Adzakunenani kuti mwayamba kunyada. Mukadzagwa ndi sitiroko omwewo adzati bwanji sanadzisamale.

Za kubetcha mpira pa foni kuti mupeze yotsekera shoti, ndaona anthu atatu akuchotsedwa ntchito chifukwa chogwira ndalama ya kampani kuti abweze mawa. Ndisiyire pomwepo.

Thupi lenilenilo

Tulo ndiye mankhwala oyamba, munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Kuno Okutobala ndi Novembala kugona ndi nkhondo, nyumba ya malata imasunga moto mpaka pakati pa usiku, ndiye sambani musanagone, tsegulani mawindo mugone mu neti, ena amanyowetsa chitenje nkufunda. A shifiti ya usiku, kugona kwa masana kuchitengeni ngati ntchito: tchingani windo ndi bulangete, auzeni apakhomo kuti kuyambira 8 mpaka 1 kulibe munthu, osati kuweruka mmawa nkukwera njinga kukapanga ganyu ina tsiku lililonse. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, koma sankhani masiku.

Madzi imwani ambiri, mutu wina womwe timauti sitiresi ndi ludzu chabe. Nkhomaliro idyani mutakhala pansi, kutali ndi desiki, ngakhale mphindi 15, ngakhale ndi chinangwa ndi usipa. Ma energy drink aja anyamata a kabaza ndi madalaivala amamwa atatu patsiku ali ndi caffeine wambiri, amathamangitsa mtima womwe ukuthamanga kale ndipo usiku amakulandani tulo tomwe mukusowato. Mowa nawo ndi wabodza, kamdoli kamodzi kamakugonetsa msanga koma tulo take ndi tosakhutitsa, 3 koloko wadzuka nkhawa zili pompo zawonjezeka ndi matsire.

Mwezi wa Ramadan anzathu ambiri amagwira ntchito ali pa swaumu, kudzuka usiku kudya daku, tsiku lonse osamwa madzi kutentha kuli chonchi. Kambiranani ndi abwana mwezi usanayambe, ntchito zolemetsa ndi zofuna mutu zikhale mmawa, ndipo musinthane mashifiti ndi anzanu achikhristu kuti inu mupezeke pa futali, iwo mudzawagwirire pa Khirisimasi ndi Pasaka. Pa loji paja zimenezi timapanga tokha popanda manijala ndipo zimayenda bwino kuposa rosita ya mu ofesi. Chimodzimodzi Lachisanu masana.

Mtima ukayamba kuthamanga muli pa ntchito pomwepo, kasitomala wakutukwanani kapena abwana akuzazirani, musayankhe kaye. Pitani kuseri kapena ku toileti, kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka mimba itukuke, tulutsani ndi pakamwa motalikitsa kuposa mmene munakokera, kasanu kapena kasanu nkamodzi. Kutulutsa mpweya motalika kumatsitsa kugunda kwa mtima, si zamatsenga. Sikuchotsa vuto koma kumakutetezani ku mawu omwe akanakuchotsetsani ntchito.

Ndipo pezani kanthu kamodzi pa sabata komwe si ntchito, si maliro, si msonkhano. Ine ndi kuyenda madzulo kuchoka pa wotchi ya pa Boma kuwoloka buliji ya Bakili Muluzi mpaka kutsidya nkubwerera, kuyang'ana mabwato, nthawi zina bawo pansi pa mtengo ndi madala omwe sadziwa nkomwe komwe ndimagwira. Timakhala mmbali mwa nyanja yomwe anthu amalipira ndalama zambiri kuchokera ku Lilongwe ndi ku Ulaya kuti adzaione, eni akefe chaka chimatha osaviika phazi.

Omwe mulibe kontirakiti

Alovi, a kabaza oyendetsa njinga yamoto ya munthu, amayi ogula usipa pa doko nkukagulitsa ku Limbe, presha yanu ndi ina: palibe bwana wokupatsani ofu, tsiku lomwe simunagwire simudya. Mwera ukaomba masiku anayi bwato silipita, Novembala akafika boma latseka nyanja, njinga ikafa mwini wake akufunabe yake ya tsiku. Kabuku kwa inu kagwire ntchito ya ndalama. Lembani zolowa tsiku lililonse, muona kuti miyezi yowawa imadziwika kale, ndiye nyengo ya nsomba zambiri muzipatula kangachepe ku Mpamba kapena Airtel Money komwe dzanja silifika msanga. Gwirizanani ndi mwini njinga kapena mwini chilimira pamaso pa mboni za tsiku lopuma ndi za yemwe alipire zikawonongeka, mkangano wa mawa ndi womwe umadya munthu kuposa ntchito. Ndipo tsiku limodzi pa sabata pumani ndithu. Wa kabaza wosinza pa msewu wa Monkey Bay ndalama ya tsiku limodzi yomwe amaikakamirayo imakathera ku wodi ya mafupa.

Nthawi yopita kuchipatala

Kayezetseni BP ngakhale mukumva bwino, imakwera mwakachetechete. Kuchipatala cha boma kuyeza ndi ulere, kaya pa Boma, Monkey Bay, Namwera kapena Makanjira. Ikamapezeka 140 pa 90 kapena kuposa maulendo angapo, tsatirani zomwe akuuzeni, ndipo akakupatsani mankhwala musasiye chifukwa mutu wasiya kuwawa kapena chifukwa wina wakuuzani za adyo ndi mandimu. Kukamwa kukapotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mawu kusamveka, kapena chifuwa kuphwanya ngati akuponderezani mwala, musadikire kuti muweruke, musapite kaye kwa asing'anga, thamangani.

Palinso mbali ina yomwe amuna sitifuna kuikamba. Mukakhala masabata awiri kapena kuposa mtima uli pansi tsiku lililonse, chilichonse chosakoma, mukudziona wopanda ntchito, kapena maganizo oti bola kungofa ayamba kubwera, chimenecho si ulesi ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi matenda ndipo amachizika. Uzani munthu lero lomwe, mkazi wanu, mchimwene wanu, shehe, abusa, ndipo mupite kuchipatala cha pa Boma mukanene mmene mukumvera mosabisa, kuli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Anthu amaopa kuti akangotchula awatumiza ku Zomba Mental, ayi, ambiri amathandizidwa nkubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mnzanu akakuuzani zotere musamuseke, musamulalikire, khalani naye, chotsani mankhwala a mmunda ndi zingwe pafupi, mumuperekeze.

Posankha womuuza za kuntchito samalani pang'ono. Mnzanu wa pa desiki yoyandikana si nthawi zonse amakhala mnzanu, zomwe mwanena pa nkhomaliro 2 koloko zafika kale kwa manijala zitathiridwa mchere. Ndipo magulu aja ongokhalira kunena abwana tsiku lililonse amakoma koma ukachokapo umakhala wolemedwa kuposa mmene unabwerera.

Inu mabwana

Mwina mukuwerenga muli ndi shopu, loji, sukulu yapulaiveti kapena maboti. Wantchito wosagona ndi amene amaswa mbale, kulakwitsa sitoko, kukwiyira kasitomala, kudwaladwala, kenako kusiya, inu nkuyambanso kuphunzitsa wina. Tulutsani rosita sabata isanayambe kuti anthu akonze za kwawo. Lipirani tsiku lomwe munalonjeza, mukachedwa nenani msanga. Wolakwa muitanireni mkati. Zitatuzi sizifuna ndalama ina iliyonse.

Zikakanika

Pali malo ena omwe sangasinthe ngakhale mulankhule mwaulemu bwanji. Mukayesa zonsezi miyezi ingapo, thupi likupitirira kuipa, yambani kusaka kwina mudakali pa ntchito, mwakachetechete. Musasiye ndi mkwiyo Lolemba mmawa nkuponya makiyi. Wolipidwa pa mwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi, lembani kalata musunge kope yake, funsani masiku anu a tchuthi omwe simunatenge, tengani kalata yosonyeza kuti munagwirapo, ndipo fufuzani ngati ndalama za penshoni zomwe amakudulani, 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya olemba ntchito, zimafikadi komwe zimayenera kupita, chifukwa ena amadula osatumiza.

Ine pa loji paja ndinakhalabe chaka china ndi miyezi ingapo, Lachiwiri langa ndikupuma, mpaka madzi a nyanja atakwera mu 2024 nkulowa mzipinda za kumunsi, ntchito inachepa ndipo ndinapeza kwina pa Boma. Mankhwala a BP ndikumwabe kamodzi mmawa, mwezi watha inali 128 pa 82. Kabuku koyamba kaja ndinakapeza posachedwa mu sutikesi, masamba akumapeto mwana wanga anajambulamo nsomba.